Ndamaliza My Ántonia, tsopano ndiwerenge buku liti?

Anzanga okonda mabuku, ndangomaliza My Ántonia, buku la Willa Cather la mu 1918, ndipo mtima sunakhazikikebe. M'bukuli, Jim Burden atakula akukumbukira Ántonia, mtsikana wa ku Bohemia, ku Ulaya, yemwe banja lake linafika ku Nebraska, ku America, n'kumakhala m'nyumba yokumba pansi. Amene anandimvetsa chisoni ndi bambo ake a mtsikanayo, bambo Shimerda: kwawo ankaimba vayolini, kuchilendoko sanaiimbenso mpaka anadzipha m'nyengo yachisanu. Patapita zaka, msewu unachita kukhota kulambalala manda awo.

Kodi lilipo lina lotere, la banja lovutikira kukhazikika kumadzulo kwa America? Za anyamata owomberana ali pa akavalo ayi, ndinatopa nazo m'mafilimu. Ndamva za Angle of Repose la Wallace Stegner, koma kunenepa kwake kukundiopsa. Alipo analiwerenga mpaka kumapeto?