Blending ndi grinding ndi zimodzi? Blender yanga yayamba kununkha chopsa

Nachisale_25

Moni nonse muno, ndithandizeniko. Alamu anga anandibweretsera blender kuchokera ku Joni ndiye ndakhala ndikuonera mavidiyo a zophikaphika pa YouTube, wina akuti blend wina akuti grind, ine ndimangoti zonse ndi kuphwanya zinthu kuti zisalale basi. Dzulo ndathira mtedza mujagi yaikulu ija kuti ndipange nsinjiro zotendera nkhwani, makina kulira kwake ngati ndege koma mtedza ukungodumphadumpha, wina waundana pansi pa mipeni, kenako kafungo ka waya wopsa, ndazimitsa msanga. Kodi mau awiriwa akusiyana pati kwenikweni? Komanso mukatoni muli kakapu kena kakang'ono kokhala ndi mpeni wakewake, kameneka nkachani?

Bambo_a_Tadala

Achemwali mwachita bwino kuzimitsa, mota ikanapita imeneyo. Grinding ndi kupera kapena kugaya, chinthu chimodzi cholimba, nthawi zambiri chouma, mukuchiphwanya mpaka chikhale ufa. Chimanga kuchigayo, khofi, tsabola wouma, mawere, zonsezo ndi grinding. Ngakhale ife owotcherera mageti tili ndi galayinda yathu, ntchito yake kudya chitsulo pang'onopang'ono kuti powotcherera pasalale, dzina lake lachokera pomwepo. Blending ndi kusakaniza zinthu ziwiri kapena zingapo mpaka zigwirizane osaonekanso kuti ichi ndi chiti, ichi ndi chiti. Nthochi, mkaka ndi kashuga, mukapukusa limodzi chatuluka ndi chakumwa chimodzi.

Jagi yaikuluyo inapangidwira zamadzimadzi. Mipeni ikamazungulira madzi amakokera zinthu pansi nkuzikankhanso m'mwamba, ndiye chilichonse chimadutsa pa mpeni kambirimbiri. Popanda madzi kuzungulira kumeneko kulibe, zapansi zimamatirira, zapamwamba sizitsika, mota ikungovutika yokha nkumatentha. Kakapu kakang'ono mukufunsako ndiye ka zouma, ndi kachigayo kanu ka m'nyumba.

Anaphiri_Dedza

Zoona abambo a Tadala koma musaphatikize kupera ndi kugaya ngati ndi chimodzi, ana a masiku ano ndi mmene akusokonezekera. Kusinja ndi mumtondo ndi munsi, mukumenya kuchokera m'mwamba. Kupera ndi pamphero, mwagwada, mwala waung'ono uli m'manja mukukhuta nawo pa mwala waukulu, chimera cha thobwa timapera choncho. Kugaya ndi kwa makina. Ndiye pali kukonola, kumene sikufuna ufa ayi koma kungochotsa gaga kuti mutsale ndi mphale. Zonsezi azungu angokuuzani grind kapena pound, ife tili ndi mau ake pa ntchito iliyonse.

Tsono za nsinjiro mwana wanga mvetsera. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye ukaupanikiza nthawi yaitali ukatenthedwa mafuta amatuluka ndipo sulinso ufa, wayamba ulendo wa chiponde. Ngakhale mumtondo sitimangosinja osapuma, timasinja pang'ono, kusefa, zotsala pa sefa kubwezeranso mumtondo, choncho choncho mpaka zithe. Ndipo mtedza wake ukhale wouma gwa, uuyanike kaye padzuwa. Wa chiponde ndi umene timakazinga, uwo ndiye timafuna dala kuti mafuta atuluke. Mukakapu kakoko thira mtedza wochepa, osadzadza, dina batani kamphindi nkusiya, gwedeza, dinanso, ukatero sefa. Koma ine kunena chilungamo nsinjiro za mumtondo zimakoma kuposa, nditsutseni.

KaMkaka_Original

Ine ndiye sindikugwirizana nazo zoti blending ndi kusakaniza basi. Mukaika tomato ndi anyezi mublender si amaphwanyika? Nanga papaya yekhayekha popanda china chilichonse, anthu amati ablenda papaya, asakaniza ndi chani pamenepo?

Mphunzitsi_Wopuma

Funso labwino limenelo a KaMkaka. Makinawo ndi amene asokoneza mau, chifukwa blender imachita ziwiri nthawi imodzi, ikudula ndi kusakaniza, ndiye anthu anazolowera kuti chilichonse cholowa mmenemo chablendedwa ngakhale chikhale chimodzi. Koma tulukani kukhitchini muone mmene liu la blending limagwirira ntchito kwina. Petulo amene timathira m'galimoto kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, zinayamba 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, pambuyo pake kunabweranso fakitale ya PressCane ku Chikwawa. Imeneyo amaitcha blending ndipo palibe chimene chaphwanyidwa, ndi zamadzi ziwiri zangokumana pa muyezo wake. Tiyi chimodzimodzi, masamba a ku Thyolo ndi Mulanje akagulidwa pa okushoni ku Limbe ambiri amapita kunja kukasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena kuti mtundu ndi kakomedwe zizikhala zofanana paketi iliyonse. Fetereza wa NPK winanso ndi blend, timibulu tosiyanasiyana m'thumba limodzi, mukatapa m'manja mumationa mitundu yake.

Pamene zonse ziwiri zimakumana bwino ndi pa Likuni Phala. Soya amakazingidwa kaye, kenako iye ndi chimanga amagayidwa, apo ndi grinding. Kuziphatikiza pa muyezo woyenera, chimanga chambiri soya wochepa, kuti supuni iliyonse imene mwana akudya ikhale ndi zonse, apo ndi blending. Amayi ambiri amapanga okha, amasakaniza chimanga, soya ndi mtedza m'thumba nkupita nazo kuchigayo, ndipo achigayo ena amadandaula kuti mtedza ukachuluka umamata sefa ya makina, nkhani yake ya mafuta yomwe anena Anaphiri ija.

Nachisale_25

Eee ndaphunzira zambiri, za petulozo sindimadziwa nkomwe. Anaphiri zikomo mayi, ndayesa mukakapu kaja mmene munanenera zatuluka bwinobwino, nkhwani watenderedwa. Funso lomaliza, nanga chimanga chochepa cha phala la mwana ndingagaye momwemo? Kuchigayo nkutali ndipo samalola kambale kamodzi.

Bambo_a_Tadala

Ayi musayerekeze, chimanga chouma ndi cholimba kwambiri pa timakina ta 300 kapena 400 watts timeneti, mipeni ibuntha ndipo kakapu kakhoza kung'aluka, ufanso utuluka wamiseremisere mwana sangameze bwino. Chigayo chili ndi nyundo zachitsulo ndi injini yaikulu, musafanizire. Gwirizanani ndi aneba awiri atatu mudzadze ndowa mukagayitse limodzi, ufawo mudzagawane.