Chigayo cha gypsum ndi mgolo wowotchera: ndithandizeni nzeru

Wa ku Biwi:
Akuluakulu, ndimawotcherera zitsulo kuno ku Biwi, ndipo ndikufuna kuyamba kupanga choko pogwiritsa ntchito gypsum, mwala wofewa wokumbidwa ku Mponela. Ndinapanga kachigayo ka nyundo, mota yake imazungulira maulendo 1450 pa mphindi, koma sefa ikumatsekeka pasanathe mphindi khumi. Chachiwiri chikundipweteka mtima kwambiri: ndikawotcha ufawo mumgolo pamakala, wapansi umapserera, wapamwamba umakhalabe wosapsa. Choko chikumafumbutuka m'manja. Matumba awiri atayika kale.

Wa ku Kanengo:
Achimwene, vuto la sefa ndi chinyezi basi. Gypsum ndi wofewa, mpaka chikhadabo chimamukanda, ndiye akanyowa amamata ngati phala. Yanikani miyalayo padzuwa, muiswe ndi nyundo kaye isanalowe m'chigayo.

Mayi wa ku Area 25:
Pa mgolopo ndi pamene pali nkhani. Moto usakhudze chitsulo chomwe muli ufa. Ikani mgolo wawung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake muthire mchenga, kuti kutentha kufalikire mofanana. Gypsum amafuna madigiri a Celsius pafupifupi 150 kuti ataye gawo la madzi ake. Mukapyola 200, madzi onse amachoka ndipo ufawo sugwiranso msanga mukausakaniza ndi madzi. Wotchererani mapiko otakasira ufa pa shafiti, chitsulo chozungulira chodutsa pakati pa mgolo wawung'onowo, muzipukusa osaleka. Ufa umabwadamuka ngati ukuwira, ukadekha, phulani.

Wa ku Biwi:
Zikomo amayi. Mchenga ndikatenga mawa, ndipo thermometer, choyezera kutentha, ndigula ndisanasonkhenso moto.