Radio ikuzima ndikangodina PTT (batani lolankhulira), bwana akufuna galimoto zonse zilankhule pofika Lachisanu

Wamawaya_Kanengo:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndapatsidwa ntchito yomanga ma radio m'galimoto zitatu za kampani ina yonyamula miyala ya kwale, ma Hilux awiri ndi tipa imodzi ya 24V. Ma radio ndi Motorola DM1400 a VHF, bwana anakagula okha ku Joni ogwiritsidwa kale ntchito, ma channel anabwera ali mkati kale. Hilux yoyamba ndamanga yalankhula bwinobwino ndi base ya ku ofesi. Yachiwiriyi ndi imene yandisowetsa mtendere, kulandira ikulandira bwino koma injini ikakhala yozima ndikadina PTT radio ikuzima n'kuyakanso yokha, ndikaliza injini ikupirira koma ku base akuti ndikumveka ngati ndili m'chitsime komanso kukubwera kulira kwa fiii kokwera ndi kutsika ndikamaponda mafuta. Kuchoka ku Kanengo ndisanafike ndi ku Area 18 komwe basi sakundimvanso. Moto ndatenga kuseri kwa cigarette lighter, antenna ndamanga ndi bracket pa canopy chifukwa bwana akana zoboola denga. SWR meter yanga (yoyezera ngati antenna ikutulutsa mphamvu bwino) wina anabwereka mwezi watha mpaka lero foni sakuyankha. Tipa sindinaiyambe n'komwe. Lero Lachitatu.

Auto_Elec_Ndirande:
Achimwene vuto loyamba mwalitchula nokha. Lighter imeneyo chotsaniko. Radio ikamalandira imadya pang'ono koma mukadina PTT imakoka ma amp opitirira 10 ngati ili ya 45W, kawaya ka ku lighter n'kakang'ono ndipo kadutsa m'ma fyuzi ndi ma connector ambirimbiri, voltage ikugwa ndiye radio ikuyambiranso. Kokani waya wonenepa kuchokera pa batire penipeni, fyuzi ikhale pafupi ndi batire osati pafupi ndi radio, podutsa pa firewall pezani grommet musangopanikiza pa chitsulo. Ikani multimeter pa plug ya radio wina adine PTT muone mmene ikugwera. Kulira kwa fiii ndi alternator imeneyo, nthawi zambiri kumachepa mukakoka moto wake wake.

Madala_7Q:
Mwana wanga, ndisanayankhe za mawaya ndifunse kaye. Ma frequency amene ali mu ma radio amenewo anakupatsani ndani? Mwati anabwera ali mkati kuchokera ku Joni. Ndiye kuti ndi a kampani ina ya kumeneko, anapatsidwa ndi ICASA, bungwe logawa ma frequency ku Joniko, kuno alibe ntchito. Kuno amagawa ndi a MACRA, ndipo lamulo la Communications Act la 2016 limafuna kuti munthu akhale ndi laisensi asanayambe kugwiritsa ntchito frequency. Bwana wanuyo pepala ali nalo? Chifukwa inu mukuti mwayesa kale kuchoka Kanengo mpaka Area 18, ndiye kuti mwakhala mukulankhula pa channel ya eni ake osadziwa kuti ndi ndani.

Wamawaya_Kanengo:
Madala ndamva, bwana akuti za mapepala akuyendetsa ndi a ku ofesi ine yanga ndi kumanga basi. Panopa chikundivuta ndi ichi chozimachi. Achimwene a ku Ndirande, negative ndiike pa batire pomwepo kapena pa body?

Auto_Elec_Ndirande:
Ine ndimaika pa bawuti ya body pafupi ndi pamene waya wa negative wa batire wamangidwa, kupala penti mpaka chitsulo chiwale. Mukasankha kupita pa batire penipeni ikaninso fyuzi ku negative, chifukwa tsiku limene earth ya injini idzamasuke starter idzafuna njira yobwerera ndipo idzadutsa mu radio yanu ndi mu coax, chingwe cha antenna chija. Ndinaziona pa Land Cruiser ina ya bungwe, dalaivala kungoliza kamodzi utsi kutuluka pansi pa dashboard, coax yonse inasungunuka kumata pa kapeti, fungo lake linakhala m'galimoto sabata yathunthu.

Mlongo_wa_Comms:
Dikirani kaye, canopy yake ndi yachitsulo kapena ya fibre? Ngati ndi ya fibre musadinenso PTT mpaka mupeze meter chonde. Antenna ya quarter wave imafuna chitsulo pansi pake, chimene timati ground plane, pa fibre palibe, mphamvu ikubwerera mu radio m'malo motuluka, ndiye n'chifukwa simukufika patali. Mupitiriza choncho muotcha PA (gawo lokweza mphamvu mu radio) ndipo ya second hand bwanayo adzati mwaononga ndinu. Chinanso whip yake, ndodo ya antenna ija, munayeza? Anthu amangomanga mmene yachokera m'paketi. Pa 150 MHz imakhala cha m'ma 47 cm, pa 165 cha m'ma 43, ndiye ngati simukudziwa kuti radio ili pa frequency yanji mudula bwanji? Muwerenge kaye ndi CPS, pulogalamu ya pa laptop yowerengera ndi kulembera ma channel mu radio.

Wamawaya_Kanengo:
Ya fibre asisi. Eish. Pa Hilux yoyamba ndinamanga pa roll bar yachitsulo mwina n'chifukwa yalankhula. Chingwe cha programming ndilibe, changa ndi cha radio ya mtundu wina, GM338.

Madala_7Q:
Mwaona tsopano? Simukudziwa frequency, simungadule antenna, simungayeze SWR pamalo oyenera. Zonse zikubwerera pa pepala lomwe ndikunena lija. Mukonza moto lero, mudula whip mawa, kenako a MACRA adzakupatsani frequency ina yotalikirana ndi imeneyo mudzayambirenso, whip yodula simungaitalikitse. Yambani ndi laisensi, pa pepalapo pamalembedwa frequency imene mwapatsidwa, ndi pamene mumatenga laptop.

Fundi_wa_Nchalo:
Za canopy ya fibre ife kuno kumunda wa nzimbe tinavutika nazo kwambiri pa ma cab a mathirakitala. Njira zilipo ziwiri, kumata pepala la aluminium kunsi kwa denga mkati lalikulu ndithu pafupifupi mita imodzi mbali zonse n'kuligwiritsa ku mount, kapena kugula antenna ya half wave imene sifuna ground plane. Koma kunena zoona palibe choposa kuboola pakati pa denga la cab n'kuika NMO mount, rabala yake ikakhala bwino madzi salowa olo mvula ya Januwale. Mabwana amaopa bowo ngati galimoto ifa. Wina anandikaniza choncho, ndinamuikira ya magnet, patatha miyezi itatu fumbi lolowa pansi pa magnet linali litapala penti bwalo lonse dzimbiri tsopano, chingwe chodutsa pa chitseko chitaphwanyika, anabwera yekha kudzati boolani. Ndipo chingwe chikhale RG58 ya 50 ohm, ndinapeza mnyamata wina atalumikiza ndi chingwe cha dish chifukwa chinafupika, chija ndi 75 ohm, anapota ndi manja n'kukulunga tepi.

Auto_Elec_Ndirande:
Za tipa ndinene pano musanafikeko. Musayerekeze kutenga 12V pa batire imodzi mwa awiri aja. Ikugwira ntchito inde tsiku loyamba, koma mabatire aja ali mu series, imodzi izitha msanga inayo izichajidwa mopyola, miyezi ingapo onse awiri apita ndipo mabatire a tipa mukudziwa mtengo wake. Gulani converter ya 24V kupita 12V yokwana ma amp 20, osati tija tating'ono ta wailesi ya nyimbo. Ndipo mulembe pa waya, chifukwa amakaniko akadzachotsa mabatire amabwezera mmene aganizira, ndinalandirapo radio itapatsidwa 24V yonse mkati mwakuda bii.

Driver_Mkulu_Beira:
Ine si fundi, ndine woyendetsa, koma ndiikepo mawu pa zimene madala akunena. Galimoto zimenezo ngati zidzatuluke dziko samalani. Chaka china tikupita ku Beira titangodutsa Mwanza mbali ya Zobue anatiimitsa, msilikali anaona antenna pa cab n'kukwera kudzaona radio, anafunsa pepala lake. Ife tinali ndi la kuno, anati ili ndi la kwanu kuno ndi dziko lina. Tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mapeto ake tinamasula radio ndi antenna n'kutsekera m'bokosi la zida. Ku Mozambique zimenezi amayang'anira ndi INCM, ku Zambia ndi ZICTA, pepala la MACRA limathera pa boda. Kuyambira pamenepo tikamatuluka timamasuliratu ku yard.

Madala_7Q:
Zikomo adalaivala. Ndi zomwezo. Ndipo si pa boda pokha. VHF imeneyi 136 mpaka 174 si tchire lopanda mwini, pansi pake pomwepo 118 mpaka 137 ndi a ndege ndipo inu muli ku Kanengo msewu wa ku bwalo la ndege la KIA, 144 mpaka 146 ndi ya ife a amateur ndipo sitiloledwa kuchitirapo bizinesi, 156.800 ndi channel 16 ya pamadzi yoitanira pa ngozi, kwinako kuli apolisi, ma ambulansi, a zankhalango, makampani a security amene analipira. Tsiku lina repeater (chida cholandira mawu n'kuwaponyanso patali) imene ndinkasamalira inayamba kutseguka yokha usiku anthu akukambirana za matumba a simenti, masabata awiri tikusaka, tinapeza ndi ma radio obwera ndi ma channel akunja ngati anuwa. Alonda athu usiku umodzi analephera kuitana thandizo chifukwa channel inali yodzaza ndi nkhani za simenti. Ndiye ndikamati pepala sindikunena za ndalama za boma zokha ayi.

Mlongo_wa_Comms:
Madala tamva ndipo palibe akutsutsa, koma mnzathuyu wafunsanso za radio yozima, timuthandize zonse ziwiri. Achimwene a ku Kanengo, poyesa moto simufunika kutulutsa mawu kunja, bwerekani dummy load ya 50 ohm mumange m'malo mwa antenna, dinani PTT muone ngati ikuzimabe. Ikasiya kuzima pa dummy load ndiye kuti mphamvu ya radio (RF) yobwerera ija ndi imene imaisokoneza, ikapitiriza ndi moto. Mwatero simunasokoneze munthu aliyense.

Madala_7Q:
Dummy load ndavomera. Koma antenna isabwererepo pepala lisanabwere. Ndipo afunsenso ngati model imeneyo ili ndi type approval ya MACRA, chilolezo chakuti chida cha mtundu umenewo chigwiritsidwe ntchito kuno, zida zolowa m'chikwama sizidutsa kumeneko. Inu amene mwamanga ndi amene dzina lanu lidzatchulidwe zida zikadzalandidwa, bwana adzati ine ndinalemba katswiri. Muuzeni akulembereni pa pepala kuti frequency ndi udindo wake, kapena akuonetseni laisensi muijambule.

Tech_Mzuzu:
Koma bwanji osangomuuza bwanayo agule ma PoC, ma radio a SIM card oyendera netiweki ya foni? Palibe kuboola, palibe SWR, mukulankhula Karonga mpaka Nsanje. Makampani ambiri a ma kontena asamukira kumeneko.

Fundi_wa_Nchalo:
PoC ndi yabwino pa M1 ndi m'tauni. Kwale ili m'dzenje kuseri kwa phiri, netiweki ikachoka radio yasanduka mwala, ndipo nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 kuno kumunsi magetsi atapita ndi ma tower omwe ife tinatsala ndi VHF simplex basi, galimoto ndi galimoto. Bundle ikatha pa 30 mwezi ndiye muziyang'anana. Komanso VHF nayo ili ndi malire ake musamunamize bwana, mukatsika Thabwa kupita ku Chikwawa base ya ku Blantyre imatayika pokhapokha pakhale repeater pamwamba, phiri silikambirana.

Mlongo_wa_Comms:
Mwati kwale, ndakumbuka. Funsani ngati amaphulitsa ndi ma detonator a magetsi. Radio ya 25W kapena 45W siyenera kudinidwa pafupi ndi mawaya a blasting, RF imatha kulowa m'mawaya aja. Blaster wawo akuuzeni mtunda umene amalola ndipo madalaivala auzidwe, muike ndi chomata pa dashboard. Pa filling station chimodzimodzi asamadine akuthira mafuta. Ndipo antenna musaike pa bull bar kapena pa galasi la m'mbali pafupi ndi mutu wa dalaivala, radio nayo isakhale kutsogolo kwa airbag, ndinaona ina itamangidwa ndi ma screw pa chivundikiro cha airbag ya passenger penipeni ndinachita kunjenjemera.

Wamawaya_Kanengo:
Ndayeza pa plug, injini yozima 12.3 ndikadina ikugwa mpaka 9 ndi kanthu. Mawa m'mawa ndikoka waya wa pa batire. Za denga ndikalankhula nawo bwana madzulo ano, za laisensi ndawatumizira uthenga awerenga sanayankhe. Alipo ali ndi SWR meter ya VHF ndi chingwe cha DM1400 kuno ku Lilongwe ndibwereke tsiku limodzi? Ndisiya ID.

Madala_7Q:
Awerenga sanayankhe ndiye kuti palibe. Meter ndili nayo ndi dummy load yomwe, mubwere mudzatenge, koma ndikufuna ndione pepala kaye kapena kalata yosonyeza kuti apempha. Lachisanu lingadutse, kampani siigwa chifukwa cha sabata imodzi yogwiritsa ntchito mafoni.

Tech_Mzuzu:
CPS yake samalani version, mukawerenga ndi yakale imakana, ndipo sungani codeplug yoyamba (fayilo ya ma setting a radio) musanalembe chilichonse. Ma radio ena ogulidwa ku Joni amabwera ndi password, ndinakhalapo ndi asanu pa tebulo mwezi wathunthu wogulitsa atasowa. Mwa njira, alipo akudziwa kumene ndingapeze ma mic a GM338 olimba? Amene ndinagula ulendo watha chingwe chopotana chija chikuduka pa khosi miyezi iwiri yokha, madalaivala amakoka ngati akutunga madzi.

Auto_Elec_Ndirande:
Ma mic amenewo ikani heat shrink iwiri pa khosi asanayambe ntchito, ndipo hook yake imangidwe pafupi ndi dzanja osati kutsidya kwa gear. A ku Kanengo, waya uja mwakoka? Ikugwabe mpaka 9?