Ndikufuna kudzakhala lekichala wa theoretical computer science, ndiyambire pati?

Wa_ku_Chilomoni: Akuluakulu, ndili chaka chachitatu pa digiri ya kompyuta kuno ku Blantyre. Algorithms (ndondomeko zothetsera mafunso) ndi automata (makina ongoyerekezera a m'masamu) zimandikoka mtima kuposa kupanga ma app. Munthu amayenda bwanji kuti adzafike pophunzitsa ndi kufufuza zimenezi?

Masamu_Ndirande: Achimwene, imeneyi ndi ntchito ya masamu, chomwe mumatulutsa ndi proof (umboni wa masamu wakuti mfundo ndi yoona), osati pulogalamu. Limbikirani discrete mathematics, probability ndi linear algebra. Sabata iliyonse lembani ma proof awiri kapena atatu papepala, kenako muwataipe mu LaTeX, pulogalamu yotaipira masamu.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa reduction, kusandutsa funso lina kukhala linzake. Kuti muonetse kuti funso lanu ndi NP-hard (m'gulu la mafunso omwe palibe njira yachangu yodziwika yowathetsera pa kompyuta), mumatenga funso lodziwika kale kuti n'lovuta, monga 3-SAT (funso lotchuka la logic), n'kulisandutsa kukhala lanulo mu polynomial time (nthawi yosakula mopitirira muyeso funso likamakula). Ambiri amatembenuza, n'kusandutsa lawolo kukhala 3-SAT. Apo angoonetsa kuti funso lawo silovuta kuposa 3-SAT basi, zomwe sanafunsidwe. Mukadzayamba kuchonga mapepala mudzatopa nacho cholakwa chimenechi.

Namfedwa_Limbe: Digiri yoyamba siikwana. Kaya ndi ku MUBAS, ku UNIMA ku Zomba kapena ku MUST ku Thyolo, ulekichala umafuna master's, ndipo kafukufuku weniweni amayambira pa PhD. Taganizirani za AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya master's ya masamu yomwe inayamba mu 2003 ku Cape Town ndipo ili ndi nthambi ku Ghana, Senegal, Cameroon ndi Rwanda, osankhidwa salipira. PhD ku Ulaya imatenga zaka 3 kapena 4, ku America 5 kapena 6. Sankhani supervisor, osati dzina la sukulu. Werengani mapepala ake awiri pa arXiv, tsamba la pa intaneti la mapepala a kafukufuku, ndi aulere, ndipo pomulembera tchulani lemma (kamfundo kothandizira proof) yomwe yakusokonezani. Kalata yongoti "ndimakonda kompyuta" sayankha.

Chichiri_Theory: Ndionjezeko za mukadzalembedwa ntchito. M'gawoli zotsatira zikuluzikulu zimayamba kutuluka m'misonkhano ngati STOC, FOCS, SODA ndi ICALP, koma komiti yokweza anthu pantchito kawirikawiri imayang'ana ma journal. Ndiye pepala la kumsonkhano muzilimalizitsa n'kulitumiza ku SIAM Journal on Computing kapena kwina kotero. Mayina a olemba amawandandalika motsata afabeti, choncho ngati ndinu a Zimba, fotokozerani komiti kuti kukhala kumapeto sikutanthauza kuti munangothandizira.

Chinanso ndi makalasi aakulu ndi kuchonga, zimadya nthawi yonse. Patulani m'mawa masiku awiri pa sabata, foni yozimitsa. Ubwino wake labu simuifuna. Magetsi akathima, cholembera chimagwirabe ntchito.