Fayilo ya PLT kuchoka mu AutoCAD imapangidwa bwanji?

mjambuli_watsopano:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndajambula pulani ya nyumba mu AutoCAD, mapepala 6 a A1, nde amene ali ndi pulota (makina opulintira mapepala aakulu) akuti ndisamutumizire DWG, fayilo ya AutoCAD yeniyeniyo, akufuna PLT kuti azingoponya ku makina basi. Pa Plot kabokosi ka Plot to file ndikukaona koma pulota yakeyo pa mndandanda wa mapulinta anga palibepo. Ndingosankha pulinta iliyonse? Chinanso mizere yanga ili ndi makala osiyanasiyana, ine ndikufuna yonse ituluke yakuda koma makoma aoneke onenepa kuposa ma dimension.

wa_T_square:
Iliyonse ayi mkulu, muononga pepala la eni. PLT si ngati PDF yoti aliyense atsegula, ndi malangizo amene draiva yalembera makina amtundu umodzi, kawirikawiri mu chilankhulo cha mapulota chotchedwa HP-GL/2, mkatimo muli zinthu ngati PU ndi PD, kukweza peni ndi kutsitsa peni, zinayamba kale nthawi imene mapulota a HP ankagwiradi peni n'kumayenda nayo papepala. Nde mukaipanga ndi draiva ya makina ena mwina atulutsa zopanda mutu, mwina angokhala duu.

Mufunseni model yeniyeni ya pulotayo muike draiva yake pa kompyuta yanu, zilibe kanthu kuti makinawo mulibe. Kapena lembani PLOTTERMANAGER, tsegulani Add-A-Plotter Wizard, mukafika pa Ports sankhani Plot to File, ikupangirani PC3, kafayilo ka ma setting a pulotayo, imene izioneka pamndandanda paja. Mufunsenso kuti rolo yake ndi yaikulu bwanji, A1 ndi 594 x 841 mm nde imakwana pa rolo ya 24 inch (610 mm) koma A0 imafuna ya 36 inch.

leya_ziro:
Za makalazo ndi plot style, fayilo imene imanena mmene mizere itulukire papepala. Pa Plot pomwepo sankhani monochrome.ctb zonse zituluka zakuda, ndipo musaiwale chifukwa yelo papepala loyera saoneka ngakhale pang'ono. Kunenepa kwa mizere ikani pa ma leya, makoma 0.5 kapena 0.7 mm, ma dimension ndi hatch 0.18 kapena 0.25. Chenjerani ndi True Color, CTB imangomva makala a nambala aja 1 mpaka 255, enawo atuluka ndi kala yawo yomweyo.

Koma pamene anthu ambiri amagwera ndi sikelo. Pulotani kuchokera mu layout (tsamba la pepala) osati mu model space momwe mumajambulira, plot scale ikhale 1:1, sikelo ya 1:100 kaya 1:50 ikhale mu viewport, windo loonetsa chojambula pa layout, kenako muiloke. Fit to paper ija musaikhudze olo pang'ono.

zaPDFbasi:
Ine sindikuona chifukwa chovutikira ndi PLT masiku ano abale. DWG To PDF.pc3 ilimo kale mu AutoCAD, sankhani A1, ndipo ndi PUBLISH mapepala onse 6 alowa mu fayilo imodzi, mumatsegula kaye kuona ngati ma font ndi ma xref (mafayilo ena olumikizidwa ku chojambulacho) atuluka bwino musanatumize. PLT mukaipanga mwaipanga, kuti muione mkati mpaka mufune pulogalamu ina, ndipo tsiku loti munthuyo wasintha makina muyambiranso.

wa_T_square:
Zoona zimenezo, ngati model simukuidziwa PDF ndiye njira. Koma PDF vuto lake ndi chala cha opulinta, akangosiya pa Fit mmalo mwa Actual size pulani imachepa pang'ono, maso saona koma wina akaika sikelo rula miyeso siikugwirizananso. PLT palibe angaisinthe, amangolemba copy /b pulani.plt kenako dzina la pulota pa netiweki, kapena kuiponya pa pulogalamu ya makinawo. Kaya mwasankha iti, pulintani pepala limodzi kaye muyeze, khoma la mamita 5 pa 1:100 likuyenera kukhala 50 mm ndendende.

mjambuli_watsopano:
Zikomo nonse, ndamufunsa akuti rolo ndi ya 24 inch, model anditumizira madzulo. Nditumiza zonse ziwiri PLT ndi PDF ya pepala loyamba tiyeze. Koma a leya_ziro, monochrome.ctb kwa ine sikuoneka, ndikungoona ma .stb okhaokha, nde pamenepa nditani?

leya_ziro:
Ndekuti drawing yanu inayambira pa template ya STB, mtundu wina wa plot style umene umayendera maina osati makala. Sankhani monochrome.stb ndipo ma leya muwapatse Style 1 chifukwa amene ali pa Normal atulukabe ndi kala yawo, kapena lembani CONVERTPSTYLES isinthire ku CTB, koma sevani kope ina kaye musanatero.