Achimwene agonekedwa ndi cryptococcal meningitis, ndithandizeni nzeru

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala, ndithandizeni. Achimwene anga, amene timakhala nawo ku Mufakose, agonekedwa pachipatala china. Zinayamba ndi mutu wosaleka, mpaka ankadziphimba chitenje kumaso chifukwa kuwala kumawapweteka. Atawatenga madzi a pamsana anawapeza ndi cryptococcal meningitis (matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi), ndipo tsiku lomwelo tinadziwa kuti ali ndi HIV, CD4 (muyezo wa chitetezo cha m'thupi) itatsikiratu.

Ndamva kuti malangizo a 2022 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati wodwala alandire mankhwala a liposomal amphotericin B kamodzi pa diripi, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, ndipo ma ARV adikire masabata 4 mpaka 6. Koma ife tikungoona fluconazole yekha, ndipo anamwino ena akuti ma ARV ayamba sabata ino. Mutu ukuwawabe, usiku sagona, koma madzi a pamsana sanawachotsenso.

Kodi mankhwalawo ndi osowa, kapena pali chifukwa china? Nanga adokotala ndiwafunse bwanji kuti ndisaoneke ngati ndikuwaphunzitsa ntchito? Pajatu ine ndimangogulitsa tomato ku Mbare.