Achimwene anayankha uthenga wa maliro ndi kachala

Mayi wa ku Area 25:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mwezi watha tinataya azakhali athu, amene anatilera mayi atamwalira. Uthenga unandipeza m'mawa ndili mu minibasi, titangodutsa Area 18. Ndinalemba pa gulu lathu la banja pa WhatsApp manja akunjenjemera, moti liwu loti "atisiya" ndinalifufuta katatu. Ena anaimba, ena analemba "pepani". Achimwene anga enieni, bere limodzi, anangoikapo 👍. Basi.

Kumaliro anabwera, bokosi anagula ndi iwo, sindikuwanamizira. Koma kachala kaja kandikhala pamtima. Usiku tulo tikasowa ndimatsegula foni kukakayang'ananso, ndipo ndimaona ngati ndinawauza za imfa iwo n'kungogwedeza mutu akuyang'ana kumbali. Kodi kachithunzi kochepa chonchi kangapweteke munthu wamkulu? Kapena vuto ndine?

Wamatabwa wa ku Mchesi:
Pepani ndi zovutazi, mayi. Vuto si inu. Komanso mumve mbali yathu abambo: ambirife kachalako timatanthauza "ndamva". Ine kasitomala akandilembera za mapulanga, manja ali fumbi lokhalokha, ndimangodina komweko. Chala chimazolowera.

Nkhani yake inafika mpaka kukhoti ku Canada mu 2023. Wogula mbewu anatumizira mlimi wina wa ku Saskatchewan chithunzi cha mgwirizano wogula mbewu, mlimiyo n'kuyankha ndi kachala. Pambuyo pake anati ankangosonyeza kuti uthenga wafika, koma woweruza anati wavomera, ndipo anamulamula kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Wotumiza zake, wolandira zake.

Mtsikana wa ku Chinsapo:
Pepani amayi. Agogo anga aakazi anaika 😂 katatu pa uthenga wa maliro pa gulu la mpingo. Pa kafoni kawo ka itel, magalasi ataiwala, anangoona misozi. Nditawafotokozera kuti nkhopeyo ikuseka, anagwira pakamwa, tsiku lonse osadya bwino. Ndinawathandiza kufufuta, koma anthu anali ataona kale. Anavala nsalu n'kupita wapansi kukapepesa kunyumba ya siwa.

Chimene ndinaona n'chakuti tinkhope timeneti sitimatiwerenga ngati zilembo ayi. Diso likangotera, mtima wamva kale ngati munthu wakusekera kapena wakukwinyira, maganizo amabwera pambuyo. Ndiye si kuti anatipangira ife. Tina mwa toyambirira anajambula Shigetaka Kurita ku Japan mu 1999, tinalipo 176, ta zinthu ngati nyengo ndi magalimoto. Ngakhale 🙏 kamene ife timati pemphero, kwawoko kamatanthauzanso "zikomo" kapena "chonde".

Mayi wa Mvano, Kawale:
Mwanangu, pepa kwambiri. Ine sindikugwirizana ndi bambo a matabwawo. Maliro si oda ya mapulanga. Kwathu wofedwa timamukhalira pansi, timamugwira dzanja, ngakhale mawu atasowa timangoti "pepani" n'kukhala chete limodzi. Zilembo zisanu ndi chimodzi zokha, bandulo yake ingathe bwanji? Mlongo wakoyo analakwitsa. Koma usamuweruze ndi foni, pita ukamuuze pamaso kuti zinakupweteka. Nayenso analeredwa ndi azakhali omwewo.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Mawu omalizawo, amayi, andiliza. Ndabwereranso pa foni kukaona bwino. Uthenga wanga unapita 6:41. Pa 6:49 pali uthenga wa Airtel Money wochokera kwa achimwene omwewo, ndalama yoti ndikwerere basi yopita kumudzi ku Dedza. Tsiku lija ndinaigwiritsa ntchito osaganiza kuti inabwera nthawi yanji.

Mtima sunatsikebe kwenikweni. Loweruka ndipita kwawo ku Biwi. Kachalako kakadali pomwepo pansi pa uthenga wa azakhali, ndipo ndayesa, ine sindingakachotse, amachotsa ndi amene anakaika. Ndikawapempha akachotse ndili pompo.